Kusunga mitundu ya data yodzipangira nokha mu database: mafunso ndi mayankho

Wolemba mapulogalamu aliyense amafika pamene String ndi int zokha sizikumukwaniranso. Amayamba kudzipangira mitundu yake: class ya Ndalama, enum (mndandanda wokhazikika wa mayina osankhapo) yosonyeza pamene oda yafika, mtundu wa Imelo umene umakana mawu alionse opanda chizindikiro cha @. Mkati mwa pulogalamu zimayenda bwinobwino. Mutu umayamba kuwawa zinthuzi zikamapita kukagona mu database, chifukwa database siidziwa class yanu ndipo ilibe nayo ntchito. Iyo imadziwa integer, numeric, text, timestamp ndi mitundu ina yowerengeka basi. Mayankho ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodzi: khodi imalembedwa, kufufutidwa, kulembedwanso m'chilankhulo china, koma data imakhala pomwepo zaka zambirimbiri. Posankha column muziganizira munthu amene adzaiwerenge khodi yanu itapita kalekale.

Kodi kulumikiza mtundu wanga ndi column n'kuchita chiyani kwenikweni?

Ndi kukonza njira ziwiri, yopita ndi yobwerera. Yopita imatenga chinthu cha m'pulogalamu n'kuchisandutsa chimene driver wa database (khodi yolumikiza pulogalamu ndi database) angathe kutumiza. Yobwerera imatenga zotuluka mu column n'kumanganso chinthu chija. Kachidutswa ka khodi kogwira ntchito imeneyi ambiri amakatcha converter.

Lamulo lake n'losavuta kutchula: chimene chalowa chituluke chili chimodzimodzi. Kulisunga ndiye nkhani ina. Instant ya Java imatha kusunga nthawi mpaka pa nanosecond, pomwe timestamp ya PostgreSQL imalekera pa microsecond. Mukasunga nthawi n'kuiwerenganso, manambala atatu omaliza amatsalira panjira, ndipo test yofananitsa ziwirizo imagwa inu musakuona cholakwika. Palibe error, palibe chenjezo. Zotayika mwakachetechete zoterezi ndi zimene zimasowetsa anthu tulo pa ntchito imeneyi, kuposa zimene zimagwetsa pulogalamu poyera.

Khodi yosinthayo ndiilembe pati?

Library iliyonse yodziwika ili ndi malo ake. Ku Java, JPA 2.1 ya mu 2013 inabweretsa AttributeConverter, yokhala ndi ma method awiri, convertToDatabaseColumn ndi convertToEntityAttribute, ndipo Hibernate ili ndi UserType ya ntchito zovutirapo. Ku Python, SQLAlchemy imakupatsani TypeDecorator mmene mumalembamo process_bind_param ndi process_result_value, pomwe Django imafuna mupange Field yanu yokhala ndi get_prep_value ndi from_db_value. Entity Framework Core inayamba kulola HasConversion mu version 2.1 ya mu 2018. Diesel ya Rust ili ndi ToSql ndi FromSql. Maina okha ndi osiyana, ntchito ndi yomwe ija.

Go ilibe zambiri zoloweza: mtundu wanu ukhale ndi method ya Value potumiza ndi ya Scan polandira. Value imabweza chimodzi mwa int64, float64, bool, []byte, string, time.Time kapena nil. Msampha uli pa Scan: ma byte amene mwalandira ndi a driver, ndipo akhoza kuwalembapo zina akafika pa mzere wotsatira. Mukafuna kuwasunga, akopereni kaye.

Chachikulu n'choti kusinthaku kukhale pamalo amodzi. Mukakumwaza m'ma query makumi awiri, tsiku lina query imodzi idzalemba mosiyana ndi zinzake, ndipo mudzazindikira patapita miyezi.

Enum ndiisunge ngati nambala kapena ngati mawu?

Apa ndiye pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna. JPA mukapanda kuiuza kanthu imasunga enum potengera malo ake pamndandanda: woyamba 0, wachiwiri 1, choncho. Tinene kuti enum yanu ili ndi YATSOPANO, YALIPIRIDWA ndi YATUMIZIDWA, ndiye kuti 0, 1 ndi 2. Pakapita miyezi mnzanu wa pantchito akuwonjezera YAIMITSIDWA pakati pa yoyamba ndi yachiwiri, poti powerenga ndi pamene ikuoneka bwino. Kuyambira tsiku limenelo mzere uliwonse wokhala ndi 1 ukuwerengedwa ngati oda yoimitsidwa, chonsecho munthu analipira kale, ndipo zimene zinatumizidwa zabwerera kukhala zongolipiridwa. Compiler siidandaula. Mnzanuyo sanalakwenso kwenikweni. Analakwa ndi amene analola kuti tanthauzo la data lidalire malo a mzere mu fayilo ya khodi.

Kusunga dzina, monga mmene EnumType.STRING imachitira, kumachotsa vuto limeneli, ndipo munthu akatsegula tebulo amamva zimene akuona osafunsa aliyense. Chimatsala ndi chakuti wina akasintha dzina la membala m'khodi, mizere yakale imakhala ndi dzina limene pulogalamu siikulidziwanso. Koma apa pulogalamu imagwa n'kunena pamene pavuta, zomwe zili bwino kusiyana ndi kunama mwakachetechete.

Njira imene ndimaiona yolimba ndi yopatsa membala aliyense chizindikiro chake cholembedwa ndi dzanja, chosadalira dzina kapena malo, converter n'kumasunga chimenecho. Chikhale mawu afupi kapena nambala, bola chisadzasinthe. Ku database ikani CHECK yoti column ilandire zizindikiro zokhazo. Za kuti mawu amadya malo ambiri kuposa nambala n'zoona, koma ma tebulo ambiri safika pa kukula koti ma byte ochepawo n'kukhala nkhani.

Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito ENUM ya database yeniyeniyo?

Mungathe. PostgreSQL ili nayo kuyambira version 8.3: mumalemba CREATE TYPE ... AS ENUM, imadya ma byte 4 pa mzere, ndipo imasanja potengera mmene munawandandalikira mamembalawo. Kuwonjezera membala n'kosavuta, ndipo kuyambira version 10 mungasinthe dzina lake. Kuchotsa ndiye kulibe. Mumayenera kupanga mtundu watsopano, kusamutsira column kumeneko, kenako kugwetsa wakale. Walira mvula walira matope.

ENUM ya MySQL imalembedwa pa column pomwepo, ndipo mkati imasungidwa ngati nambala kuyambira pa 1. Strict mode ikakhala yozimitsa, mawu osadziwika salephera kulowa: amasanduka mawu opanda kanthu, n'kungopereka chenjezo limene nthawi zambiri palibe amaliwerenga.

Ngati mndandanda wanu umasinthasintha, kapena eni bizinesi amafuna kumawonjezera okha, imeneyo si enum ayi. Ipangireni tebulo lake ndi foreign key.

Class yanga ya Ndalama ipite mu column yanji?

Isapite mu float kapena double. Tsegulani Python kapena JavaScript mulembe 0.1 + 0.2, yankho libwera 0.30000000000000004. Si kuwonongeka kwa kompyuta. Manambala a IEEE 754 amasungidwa mu binary, ndipo 0.1 siikwanamo ndendende, monga mmene gawo limodzi mwa atatu silitha kulembedwa mokwanira m'manambala a kadontho. Pa kutentha kwa mpweya kusiyana kotere kulibe kanthu. Pa ndalama, mukaphatikiza mizere yambiri mabuku sagwirizana.

Njira zabwino ndi ziwiri. Yoyamba ndi numeric kapena decimal, monga numeric(19,4), yolumikizidwa ndi BigDecimal ku Java, Decimal ku Python kapena decimal ku C#. Yachiwiri ndi bigint yosunga tizigawo tating'ono kwambiri ta ndalamayo. Yachiwiriyi imafuna kusamala, chifukwa si ndalama zonse zimagawika pa 100. Malinga ndi ISO 4217, dola ya ku America ili ndi manambala awiri pambuyo pa kadontho, yen ya ku Japan ilibe, dinar ya ku Kuwait ili ndi atatu. Khodi yongochulukitsa ndi 100 paliponse idzalakwitsa ikakumana ndi yen.

Izi zikuonetsanso kuti Ndalama ili ndi zinthu ziwiri, kuchuluka kwake ndi mtundu wake, choncho ikufunika ma column awiri. AttributeConverter imagwira column imodzi yokha; apa pamafunika @Embeddable, kapena composite ya SQLAlchemy. Musakopeke ndi kuphatikiza zonse mu text ngati "1500.00 USD", chifukwa SUM siidzagwiranso ntchito. Mtundu wa money wa PostgreSQL nawonso ndi wofunika kuuzemba, poti umadalira setting ya lc_monetary ya server.

Kanthu kena kakang'ono koma kopweteka: ku Java, equals ya BigDecimal imati 2.0 ndi 2.0000 n'zosiyana. Mwasunga yoyambayo mu numeric(19,4), mwalandira yachiwiriyo. Class yanu ifananitse ndi compareTo, kapena ikonze scale (chiwerengero cha manambala a pambuyo pa kadontho) pomanga chinthucho.

Za nthawi ndi masiku bwanji? Maola amangosuntha.

Yambani ndi kudzifunsa kuti nthawi yanuyo ndi yamtundu wanji, chifukwa zilipo zitatu zimene timazitchula ndi dzina limodzi.

Pali mphindi imene chinthu chinachitika, monga pamene munthu analipira. Mphindi imeneyi ndi imodzi dziko lonse lapansi, ndipo malo ake ndi timestamptz ya PostgreSQL, yolumikizidwa ndi Instant kapena datetime yodziwa zone yake. Dzina la column imeneyi limanamiza: siisunga zone. Imasandutsa nthawi kukhala UTC (nthawi imene ma zone onse amawerengerapo) polowa, ndipo potuluka imaionetsa m'zone ya session imene ikufunsa. Ngati mukufuna kudziwa zone imene munthuyo anali, ipatseni column yake.

Pali nthawi ya pa wotchi ya pakhoma ya m'tsogolo, monga msonkhano wa 9 koloko m'mawa ku London chaka chamawa. Mukaisandutsa UTC lero, mukudalira kuti malamulo a nthawi a dzikolo sasintha, koma maboma amasintha malamulo amenewa. Sungani tsiku ndi ola monga zilili mu timestamp yopanda zone, pambali pake dzina la zone la IANA ngati Europe/London, muziwerengera UTC pamene ikufunika.

Ndiye pali tsiku chabe, monga tsiku lobadwa. Limeneli ndi la column ya date. Mukaliika mu timestamp ngati pakati pa usiku, server ya zone ina idzalibweza m'mbuyo ndi tsiku limodzi, munthu wobadwa pa 1 n'kupezeka wabadwa pa 31.

Ma database ali ndi malire ake. TIMESTAMP ya MySQL imathera pa 19 January 2038, nthawi ya 03:14:07 UTC, choncho tsiku lothera ngongole ya zaka makumi awiri silikwanamo. DATETIME imafika chaka cha 9999 koma siidziwa za zone. Mtundu wakale wa datetime wa SQL Server umakankhira ma millisecond ku manambala othera ndi 0, 3 kapena 7, n'chifukwa chake ntchito yatsopano imalembedwa ndi datetime2.

NULL ndithane nayo bwanji?

Converter aliyense ayembekezere NULL (chizindikiro choti mu column simunaikidwe kanthu) mbali zonse ziwiri, ngakhale column ili NOT NULL, chifukwa LEFT JOIN imabweretsa NULL m'ma column amene mu tebulo mwake mulibe. Ma driver amachita zosiyana: getInt ya JDBC imabweza 0 ikakumana ndi NULL, ndipo mumadziwa zoona pofunsa wasNull; Go imakana kuika NULL mu string, n'chifukwa chake pali sql.NullString, komanso sql.Null ya mtundu uliwonse kuyambira Go 1.22. Oracle imatenga mawu opanda kanthu ngati NULL.

Musasandutse NULL kukhala Ndalama ya 0 kapena Imelo yopanda kanthu. "Sitikudziwa" ndi "palibe" si chinthu chimodzi, ndipo mukasunganso mzerewo kusiyanako kwafafanizika.

N'chifukwa chiyani ORDER BY ndi WHERE zikupereka zachilendo pa column ya mtundu wanga?

Chifukwa database imaona zimene zasungidwa zokha. Nzeru zonse zimene munaika mu compareTo kapena __lt__ zimatsala m'pulogalamu. Mtundu wanu wa Version umadziwa kuti 1.10 ndi yatsopano kuposa 1.9, koma mu column ya text 1.10 imabwera patsogolo pa 1.9, poti pofananitsa zilembo 1 amayamba 9 asanabwere. Manambala osungidwa ngati mawu amachita chimodzimodzi: 10 amatsogolera 9. Ngati mudzafuna kusanja kapena kufunsa "zoposa chakuti" ku database, sankhani column imene kasanjidwe kake n'kofanana ndi ka mtundu wanu. Version igaweni m'ma column atatu a integer. Adiresi ya IP ku PostgreSQL ili ndi mtundu wakewake, inet, umene umasanja bwino n'kudziwanso za ma subnet.

Palinso china chimene chimadzidzimutsa. Ma library ena amadutsitsa mu converter ngakhale zimene mukufananitsa nazo. Ku SQLAlchemy, mukalemba LIKE 'ab%' pa column ya TypeDecorator, mawu a 'ab%' amadutsa mu process_bind_param, ndipo ngati mmenemo mumakana imelo yopanda @, query igwa isanachoke n'komwe. Method ya coerce_compared_value ilipo pa chifukwa chimenechi.

Column yobisidwa ndi encryption yabwino ndiye siingafufuzidwe ndi chizindikiro cha = nkomwe, chifukwa mawu omwewo amatuluka mosiyana nthawi iliyonse akabisidwa.

Bwanji ndingosandutsa chinthu chonsecho JSON?

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tsiku loyamba zimakoma: palibe migration (kusintha kapangidwe ka tebulo), converter ndi mizere iwiri. PostgreSQL ili ndi jsonb kuyambira version 9.4 ya mu 2014, MySQL ili ndi JSON kuyambira 5.7.8, ndipo zonse zimalola kufufuza mkati. Pa data imene maonekedwe ake amasiyanadi mzere ndi mzere, monga zokonda za wogwiritsa ntchito kapena uthenga wochokera ku system ina, JSON ndi yoyenera.

Chimene mumataya ndi ulonda wa database. Foreign key siifika mkati mwa JSON. Palibe amene akuletsa nambala kulowa ngati mawu. Mukasintha dzina la field mu class, mizere yakale imakhalabe ndi dzina lakale, ndipo converter wanu ayenera kumadziwa maonekedwe onse amene class inakhalapo nawo chiyambire. Ngati mwasankha njirayi, ikani nambala ya version mkati mwa JSON kuyambira tsiku loyamba. Dziwaninso kuti jsonb siisunga dongosolo la ma key kapena mipata, ndipo key ikabwerezedwa imasunga yomaliza yokha. Uthenga wokhala ndi signature usungeni ngati text kapena ma byte.

Chimene ndingakane kotheratu ndi kusunga pickle ya Python kapena serialization ya Java (njira zosandutsira chinthu kukhala ma byte) mu column ya BLOB. Chilankhulo china sichingawerenge mosavuta, SQL siiona mkati, ndipo kumasula pickle kumatha kuyendetsa khodi imene wina anabisamo.

Ndasintha chinthu, ndachita commit, koma mu database simunasinthe. Chavuta n'chiyani?

ORM, library yolumikiza ma class ndi ma tebulo monga Hibernate kapena SQLAlchemy, imalemba UPDATE ikaona kuti china chasintha. Mukasintha mkati mwa dict kapena list, chinthucho chikadali chomwe chija m'maso mwake. SQLAlchemy imafuna MutableDict kapena flag_modified, Entity Framework Core imafuna ValueComparer pambali pa converter, ndipo ku Hibernate equals yolembedwa molakwika imabweretsa mwina kusalemba, mwina ma UPDATE opanda chifukwa. Mankhwala osavuta ndi kupanga mitundu yosasinthika mkati: pofuna kusintha, mangani chatsopano n'kuchiika m'malo mwa chakale.

UUID ipite mu text?

UUID ndi nambala yaitali yozindikiritsa chinthu mwapadera. Ngati database ili ndi mtundu wake, gwiritsani umenewo: uuid ku PostgreSQL, uniqueidentifier ku SQL Server. Ndi ma byte 16, pomwe text imafuna zilembo 36, ndipo kusiyanako kumabwerezedwa mu index ndi foreign key iliyonse. Ku MySQL ambiri amagwiritsa BINARY(16) ndi UUID_TO_BIN ya version 8.0. Pa primary key, UUID version 7 ya mu RFC 9562 ya 2024 imayamba ndi nthawi, choncho mizere yatsopano imalowa kumapeto kwa index m'malo momwazikana.

N'chifukwa chiyani bigint ikubwera ngati string ku Node.js?

N'dala. Number ya JavaScript imasunga manambala athunthu molondola mpaka 9,007,199,254,740,991, pomwe bigint imafika 9,223,372,036,854,775,807. Driver wa node-postgres amasankha kukupatsani string kusiyana ndi kukupatsani nambala yolakwika, ndipo amachitanso choncho ndi numeric. Mungasinthe ndi setTypeParser, koma sandutsani kukhala BigInt, osati Number. Vuto lofanana nalo lili pa uint64 ya Go kapena u64 ya Rust: PostgreSQL ilibe integer ya unsigned, ndiye theka la manambala a mtundu umenewo silikwana mu bigint. Ngati mungafikedi kumeneko, numeric(20,0) ndiyo malo ake.

Ma test amadutsa pa SQLite koma pa server zikugwa. Zikutheka bwanji?

SQLite ndi yololera kwambiri. Imasunga zinthu m'magulu asanu okha, NULL, INTEGER, REAL, TEXT ndi BLOB, ndipo mtundu umene mwalemba pa column imautenga ngati malangizo chabe. Mawu amalowa mu column ya INTEGER popanda chovuta, VARCHAR(10) imalandira zilembo chikwi, ndipo ilibe mtundu wa tsiku kapena wa boolean. Ma tebulo a STRICT anabwera mu version 3.37.0 ya mu 2021, koma amagwira pokhapokha mutawapempha. Converter ndi khodi yokhala pamalire a pulogalamu ndi database yeniyeni, choncho muyeseni pa database yomwe ija imene ili pa server. Test yake ndi yaifupi: sungani, werengani, fananitsani, ndipo muikemo NULL, mawu opanda kanthu, nambala yaikulu kwambiri, yaing'ono kwambiri, ndi emoji imodzi. Emoji imeneyo ndi imene imaulula column ya MySQL yotsalira pa utf8 yakale ya ma byte atatu m'malo mwa utf8mb4.

Mu tebulo muli data yakale imene mtundu wanga watsopano ukuikana. Nditani?

Izi zimachitika pafupifupi nthawi zonse mtundu wokhwima ukaikidwa pa tebulo lakale. Mzere umodzi wokhala ndi imelo yolakwika umagwetsa query yonse, tsamba lonse n'kulephera kutseguka chifukwa cha munthu mmodzi amene analemba "palibe" zaka zapitazo. Musanayatse converter, yendetsani query yopeza mizere yonse imene angaikane. Ikonzeni, kenako ikani CHECK kapena domain ya PostgreSQL kuti zoipa zisalowenso kudzera ku script kapena pulogalamu ina. PostgreSQL imalola kuika CHECK ndi mawu oti NOT VALID, imene imalondera mizere yatsopano pomwe inu mukukonza yakale pang'onopang'ono.

Chimene converter sayenera kuchita ndi kumeza cholakwika n'kubweza null. Error yake itchule column ndi chimene yachipeza.

Ndinasankha molakwika kale. Ndingasinthe bwanji osaimitsa pulogalamu?

Pa tebulo laling'ono, ALTER COLUMN ... TYPE ... USING ya PostgreSQL imamaliza nkhani m'kanthawi kochepa. Pa lalikulu, lamulo lomwelo nthawi zambiri limalembanso tebulo lonse litalitseka, ndipo aliyense amadikira. Njira yodekha imatenga masiku angapo. Onjezani column yatsopano yololeza NULL. Tulutsani khodi yolemba m'ma column onse awiri koma yowerengabe yakale. Dzazani mizere yakale m'magulumagulu, kenako yendetsani query yotsimikiza kuti ma column awiriwo akunena chimodzi pa mzere uliwonse. Zikatero sinthani khodi iyambe kuwerenga yatsopano.

Column yakale musaigwetse tsiku lomwelo. Pamakhala lipoti la kumapeto kwa mwezi kapena script ya usiku imene aliyense anaiwala, yomwe ikuwerengabe manambala a enum aja mwachindunji. Siyani mwezi utembenuke kamodzi, muone amene abwere kudzadandaula, kenako muichotse.